Kodi telesikopu ya James Webb yagwetsadi Big Bang?

Mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Ntcheu wafunsa kuti: "Ana anga a Fomu 4 abwera ndi kavidiyo ka pa TikTok. Kakuti telesikopu ya James Webb yatsimikiza kuti Big Bang sinachitike, ndipo chilengedwe chili ndi zaka 26.7 biliyoni, osati 13.8 biliyoni monga timaphunzitsira. Ndiwauze zotani? Kapena mabuku athuwa atha ntchito?"

Aphunzitsi, mabukuwo asungeni. Palibe chimene Webb yaona chomwe chagwetsa Big Bang, ndipo za 26.7 biliyoni ndi maganizo a katswiri mmodzi amene anzake ambiri sanagwirizane nawo. Komabe anawo musangowabweza ndi mawu oti "n'zabodza zimenezo". Akatswiri a zakuthambo ali pa mkangano weniweni masiku ano, kungoti kavidiyoko kaloza polakwika. Mkanganowo ndi wa nambala ziwiri za liwiro limene chilengedwe chikufutukukira, 67 ndi 73, ndipo ndi umene ndikufuna tikhalitsepo. Koma tiyambe tathana ndi za m'kavidiyomo.

Big Bang sinena kuti panali bomba limene linaphulika penapake m'mlengalenga. Imanena kuti kale chilengedwe chonse chinali chotentha koopsa ndi chothinana, ndipo kuyambira pamenepo danga la pakati pa milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi, lakhala likufutukuka, chilengedwe n'kumazizira. Wofuna kugwetsa chiphunzitsochi ayenera kufotokoza mwanjira ina zinthu zimene zinayezedwa kale Webb isanaganiziridwe n'komwe.

Kuyambira mu 1912, Vesto Slipher ku Arizona ankaona kuti kuwala kwa milalang'amba yambiri kwatanukira kofiira, chizindikiro choti ikutitalikira. Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium, anasonyeza mu 1927 kuti masamu a Einstein akulola chilengedwe chofutukuka, ndipo mu 1929 Edwin Hubble anaonetsa kuti mlalang'amba ukakhala kutali, liwiro lake lotalikira limakulanso. Kenako mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson, ku Holmdel ku New Jersey, anavutika ndi kaphokoso kosatha m'makina awo olandirira mafunde a wailesi. Akaloza kum'mawa kalipo, kumadzulo kalipo, usana ndi usiku chimodzimodzi. Anafika pochotsa nkhunda zimene zinamanga chisa m'makinamo n'kupala zitosi zake, koma kaphokosoko osasiya. Kanali kuwala kotsalira kwa nthawi imene chilengedwe chinali ndi zaka 380,000 zokha, kumene lero kwazizira kufika pa madigiri 2.7 pamwamba pa kuzizira kotheratu, kapena kuti cha m'ma -270 pa Celsius. Palinso mpweya wopepuka wotchedwa helium. Kulikonse tayeza mpweya wakale wa m'thambo, pafupifupi kota ya kulemera kwake ndi helium. Nyenyezi zonse zimene zakhalapo sizikanatha kupanga yochuluka choncho, koma masamu a mphindi zoyambirira za chilengedwe chotentha amatulutsa kota yomweyo.

Webb sinasunthe chilichonse mwa zimenezi.

Nanga inaona chiyani? Telesikopuyi inanyamuka ku Kourou ku French Guiana pa 25 December 2021, ndipo ili pa mtunda wa makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Galasi lake ndi la mamita 6.5, la zidutswa 18 zokutidwa ndi golide, pamene la telesikopu ya Hubble ndi la mamita 2.4. Anaipangira kuona kuwala kwa infrared, kumene maso athu saona, chifukwa kuwala kwa milalang'amba yoyambirira kwatanuka kwambiri pa ulendo wake moti kukamafika kuno kumakhala kutadutsa kale malire a kufiira. Ndipo poti kuwala, n'liwiro lake lonse la makilomita 300,000 pa sekondi, kumatengabe nthawi panjira, kuyang'ana kutali ndi kuyang'ana kale. Dzuwa timaliona mmene linalili mphindi 8 zapitazo. Milalang'amba ya Webb timaiona mmene inalili zaka zoposa 13 biliyoni zapitazo.

Chipwirikiti chinakula mu February 2023, pamene gulu lotsogozedwa ndi Ivo Labbé linalengeza mu magazini ya Nature za milalang'amba 6 yooneka yolemera modabwitsa, chilengedwe chili ndi zaka 500 mpaka 700 miliyoni zokha. Zikanakhala zoona ndendende, bwenzi mpweya umene unalipo nthawi imeneyo usakukwanira kupanga nyenyezi zochuluka choncho. Koma kulemerako sanakuyeze mwachindunji. Anakuyerekeza kuchokera ku mtundu ndi mphamvu ya kuwala, poganiza kuti kuwala konseko n'kwa nyenyezi, ndipo eni ake ananeneratu kuti pakufunika kutsimikizira. Kuwalako atakugawa bwinobwino ndi makina ogawa mitundu, umodzi mwa milalang'ambayo unapezeka kuti uli pafupi kuposa mmene ankaganizira, ndipo pakati pake pali black hole, chinthu cha mphamvu yokoka yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo, imene ikumeza mpweya. Mpweya wogwera mu black hole umatentha n'kuwala koopsa, ndiye ukauwerengera ngati nyenyezi, mlalang'amba umaoneka wolemera kuposa mmene ulili. Nkhani yokonza imeneyi sinayende pa intaneti monga inayendera yoyamba ija.

Chodabwitsa chatsalapo ndithu, sindikubisirani. Milalang'amba yowala ya nthawi yoyambirira ndi yambiri kuposa mmene anthu ankayembekezera. Wina wotchedwa JADES-GS-z14-0, umene unalengezedwa mu 2024, tikuuona chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi 290 miliyoni, ndipo mu 2025 matelesikopu a ALMA ku Chile anapezamo oxygen. Oxygen amapangidwa m'kati mwa nyenyezi, ndiye kuti pofika nthawi imeneyo nyenyezi zina zinali zitabadwa kale, kukalamba ndi kufa. Mu 2025 momwemo kunabwera mlalang'amba wina, MoM-z14, wa pa zaka 280 miliyoni, umene kuwala kwake kwatanuka kuposa ka 15. Palinso timadontho tofiira timene akatswiri amangotitchula kuti little red dots, tochuluka m'zithunzi za Webb, tooneka ngati tili ndi black hole pakati koma tosatulutsa ma X-ray monga black hole yomeza mpweya imachitira nthawi zambiri. Ena akuganiza kuti ndi ma black hole ofunditsidwa mpweya wokhuthala. Nkhaniyi ikadali m'kamwa.

Koma taonani mtundu wa vutoli. Funso ndi lakuti nyenyezi zoyamba zinapangika mofulumira bwanji: kodi zinkabadwa mwa chigulu, kodi zinali zikuluzikulu ndi zowala kuposa za lero, kodi ma black hole anayamba ali aakulu kale? Amenewa ndi mafunso a mmene milalang'amba imakulira, ndipo mbali imeneyi ya sayansi inali yongoyerekeza kuyambira kale chifukwa panalibe makina oonera nthawi imeneyo. Pa nkhani ya Big Bang yeniyeniyo, Webb ikuikira umboni. Tikamayang'ana kutali, milalang'amba ikumka ichepa msinkhu, ikusokonekera maonekedwe, ndipo zinthu zolemera monga oxygen ndi chitsulo zikucheperachepera. Chilengedwe cha kale n'chosiyana ndi cha lero, ndipo n'zimene Big Bang imanena.

Za 26.7 biliyoni zinachokera mu pepala la Rajendra Gupta wa pa yunivesite ya Ottawa ku Canada mu 2023. Iye anatenga ganizo lakale la Fritz Zwicky la mu 1929, loti kuwala kumafiira chifukwa kumataya mphamvu panjira, n'kuliphatikiza ndi ganizo loti malamulo ena a physics amasintha pakapita nthawi. Kulemba pepala lotere si mlandu, sayansi imafuna anthu oyesa njira zina. Koma likuwombana ndi zoyezedwa. Nyenyezi zakale kwambiri zimene tazipeza, za m'magulu othinana ozungulira mlalang'amba wathu, zili ndi zaka 12 mpaka 13 biliyoni. Nyenyezi zing'onozing'ono zimakhala ndi moyo zaka mabiliyoni ambirimbiri, ndiye chilengedwe chikanakhala cha zaka 26 biliyoni, bwenzi za zaka 20 biliyoni zili mbwee. Palibe ndi imodzi yomwe. Komanso nyenyezi zophulika za kutali zimaoneka zikuwala ndi kuzima pang'onopang'ono kuposa zapafupi, mogwirizana ndendende ndi kutanuka kwa kuwala kwake. Danga lofutukuka limachititsa zimenezo, pamene kuwala kongotaya mphamvu sikungachedwetse nthawi.

Tsopano ku mkangano weniweni uja.

Liwiro limene chilengedwe chikufutukukira lero limatchedwa Hubble constant. Amaliwerengera pa makilomita pa sekondi pa megaparsec iliyonse, ndipo megaparsec ndi mtunda umene kuwala kumayenda pa zaka 3.26 miliyoni. Nambalayo ikakhala 70, ndiye kuti mlalang'amba wa pa megaparsec 100 ukutitalikira pa makilomita 7,000 pa sekondi. Liwiro silivuta kuyeza, kuwala kofiirako kumanena. Chimene chimaimitsa anthu mitu ndi mtunda.

Njira yoyamba ndi yokwera pang'onopang'ono, ndipo eni ntchito amaitcha makwerero a mitunda. Poyambira ndi nyenyezi zapafupi. Mukajambula nyenyezi mu January n'kudzaijambulanso mu July, dziko limakhala litasuntha makilomita 300 miliyoni kupita mbali ina ya dzuwa, ndipo nyenyeziyo imaoneka itasendera pang'ono poyerekeza ndi zakumbuyo kwake. Kusenderako kumapereka mtunda ndi trigonometry yomweyo mumaphunzitsa ku Fomu 3. Setilaiti ya Gaia yachita zimenezi pa nyenyezi zoposa biliyoni imodzi. Koma njirayi sifika ku milalang'amba ina.

Apa ndi pamene alowera mayi Henrietta Swan Leavitt, amene ankagwira ntchito ku Harvard yoyeza timadontho ta nyenyezi pa magalasi a zithunzi ojambulidwa ku Arequipa ku Peru. Pali nyenyezi zina, zotchedwa ma Cepheid, zimene zimafufuma ndi kuphwa, n'kumawala ndi kuzilala mosaphonya nthawi, zina masiku ochepa, zina milungu ingapo. Mu 1912 mayiyu anatenga 25 za mu Small Magellanic Cloud, umodzi mwa milalang'amba iwiri yaing'ono yoyandikana ndi wathu imene imaoneka ngati timitambo, n'kuona kuti imene imatenga masiku ambiri kuti imalize kuwala ndi kuzilala ndi imenenso ili yowala kwambiri. Poti zonsezo zili pa mtunda wofanana, kusiyanako kunali kwenikweni, osati kwa mtunda. Ndiye ukawerenga masiku a Cepheid wadziwa mphamvu yake yeniyeni, ukayerekeza ndi mmene ikuonekera kuno, wapeza mtunda. Mwa njira, timitambo tiwiri ta Magellan timeneti ndi ta thambo la kum'mwera. A ku London satiwona, koma ana anu angatione ndi maso usiku wopanda mwezi wa mu October kapena November, atayang'ana kum'mwera kutali ndi magetsi.

Ma Cepheid nawo amathera panjira, ndiye pamwamba pake amaikapo nyenyezi zophulika za mtundu wa Ia. Zimenezi ndi mitembo ya nyenyezi, ma white dwarf, imene imaphulika ndi mphamvu yofanana pafupifupi nthawi zonse, ndipo imaoneka kutali kwambiri. Pamafunika mlalang'amba umene uli pafupi mokwanira kuti ma Cepheid ake aoneke, komanso mwachitika kuphulika kotereku. Ukapeza wotero, wadziwa mphamvu yeniyeni ya kuphulikako, ndipo ungayeze nako milalang'amba yakutali. Gulu la SH0ES la Adam Riess linachita zimenezi ndi nyenyezi zophulika 42 za m'milalang'amba 37, ndipo mu 2022 linalengeza 73.04, kuphonya kwake kosaposa 1 ndi kachidutswa.

Njira yachiwiri sikwera makwerero. Imayambira pa kuwala kotsalira kuja kwa Penzias ndi Wilson. Kuwalako si kosalala kwenikweni. Kuli timawangamawanga, pena potentherako pena pozizirirako, kusiyana kwake gawo limodzi pa magawo 100,000. Timawangato ndi zidindo za mafunde amene ankayenda mu mpweya wotentha wa nthawi imeneyo, ndipo tambiri timatenga digiri imodzi pathambo, kuwirikiza kawiri kukula kwa mwezi wathunthu. Setilaiti ya Planck, imene inanyamuka mu 2009, inatiyeza mwaluso losaneneka. Kuchokera pamenepo amawerengera zimene zili m'chilengedwe: pafupifupi 5 peresenti ndi zinthu zimene timazidziwa, 27 peresenti ndi dark matter, chinthu chosaoneka chimene timangodziwa ndi mphamvu yake yokoka, ndipo 68 peresenti ndi dark energy, chimene chikuchititsa kuti kufutukuka kuzimka kufulumira. Akatero amayendetsa masamu kuchokera pa zaka 380,000 kufika lero, n'kupeza liwiro limene chilengedwe chiyenera kukhala nalo. Mu 2018 Planck inapereka 67.4, kuphonya kwake 0.5. Matelesikopu ena a kuwala komweku, ina ku chipululu cha Atacama ina ku South Pole, apeza pafupi pomwepo.

Ndiye mukuona kuti njira ziwirizi sizikuchita chinthu chimodzi. Zili ngati mlangizi wa zaulimi amene wayendera munda mu January, chimanga chili m'mawondo, n'kuwerengera kuti mudzakolola matumba 67, kenako mu May mwini munda n'kuyeza n'kupeza matumba 73. Mwina sikelo ya mwini munda ikunama. Mwina mlangizi anayeza bwino mmera koma pali china chinachitika m'mundamo pakati pa January ndi May chimene masamu ake sakuchidziwa. Ngati ndi chachiwirichi, ndiye kuti pali physics imene sitinaipeze, ndipo n'chifukwa chake anthu akulimbirana kusiyana kwa 9 peresenti ngati za malire a munda.

Akale akanaseka. Hubble mwini wake anapeza nambala ya cha m'ma 500, imene inkapangitsa chilengedwe kukhala chaching'ono msinkhu kuposa miyala ya padziko lapansi, mpaka Walter Baade anazindikira mu 1952 kuti ma Cepheid alipo mitundu iwiri ndipo anali ataisakaniza. Kwa zaka zambiri pambuyo pake Allan Sandage ankakakamira 50, Gérard de Vaucouleurs 100. Mu 2001 gulu la Wendy Freedman linagwiritsa ntchito telesikopu ya Hubble n'kupeza 72, kuphonya kwake 8, ndipo aliyense anapuma, poti 67 ndi 73 zonse zimakwana m'menemo. Vuto labwera chifukwa kuyeza kwapita patsogolo. Malire a kuphonya achepa mpaka nambala ziwirizi sizikukhudzananso, ndipo kusiyanako kwafika pa mlingo umene akatswiri amati 5 sigma, kutanthauza kuti mwayi woti zangochitika mwangozi ndi wochepera umodzi pa miliyoni. Koma sigma amangowerengera ngozi. Ngati m'njira yoyezeramo muli cholakwika chobisika, sigma sachiona.

Ntchito yaikulu ya Webb pa nkhaniyi, imene sinalowe m'kavidiyo ka ana anu, inali yofufuza cholakwika chotero. Ambiri ankakayikira za kuthinana. Cepheid ya mu mlalang'amba wakutali simaoneka payokha. Pa chithunzi cha Hubble cha infrared imakhala kachibuluma kamodzi, m'mene mwalowa kuwala kwa Cepheid ndi kwa nyenyezi zina zoyandikana nayo pamzere wa maso. Ukapanda kuchotsera bwino kuwala kwa anansiwo, Cepheid imaoneka yowala kuposa mmene ilili, umaiyesa yapafupi, ndipo nambala yako imakwera. Webb imaona mwakuthwa kangapo, moti kachibuluma kaja kamasweka n'kukhala timadontho tosiyana, Cepheid payokha anansi paokha. Riess ndi anzake anayezanso ma Cepheid oposa 1,000 motere, mpaka ku mlalang'amba wa NGC 5468 umene kuwala kwake kumayenda zaka 130 miliyoni kuti kufike kuno, ndipo mu 2024 analengeza kuti mitunda ya Hubble inali yolondola. Chifukwa chophwekacho chinathera pomwepo.

Mayi Freedman, amene tsopano ali ku yunivesite ya Chicago, sakhutira. Gulu lawo limadalira kwambiri nyenyezi zina, makamaka zikuluzikulu zofiira zimene zimafika pa mlingo wodziwika wa kuwala zisanasinthe, ndipo zimapezeka m'mbali mwa milalang'amba m'mene mulibe fumbi ndi kuthinana kwambiri. Iwo amapeza pafupifupi 70, pakatikati, nambala imene singathe kugamula mlandu. A Riess amayankha kuti kusiyanako kukuchokera pa kuchepa kwa milalang'amba imene anzawowo asankha, ndipo ukatenga yonse nambala imakweranso. Magulu awiriwa amayezera milalang'amba ina yofanana ndipo pa mitunda yake amagwirizana kwambiri. Pamene amasiyana ndi pa funso loti ndi nyenyezi zophulika ziti zilowe m'chiwerengero.

Nayi masamu imene mungachite ndi anawo pa bolodi. Megaparsec imodzi ndi makilomita 3.09 kuchulukitsa ndi 10 wa mphamvu 19. Gawani ndi Hubble constant, mupeza masekondi, ndipo mukawasandutsa zaka mupeza msinkhu wongoyerekeza wa chilengedwe. Chidule chake ndi 978 kugawa ndi nambalayo, yankho mu mabiliyoni a zaka. Ndi 67.4 mupeza 14.5, ndi 73 mupeza 13.4. Si ndendende, chifukwa liwiro lakhala likusintha, linayamba latsika kenako n'kukwera, ndipo masamu athunthu a Planck amapereka 13.8. Koma anawo aona okha zinthu ziwiri. Mkangano wonsewu ukusuntha msinkhu wa chilengedwe ndi zaka pafupifupi biliyoni imodzi basi, ndipo ngati a 73 akulondola, chilengedwe chikhala chocheperako zaka, osati chokulirapo. Kuti mupeze 26.7 pa masamu amenewa mufunika nambala ya cha m'ma 37, imene palibe gulu loyeza limene likuipeza.

Pali nkhani inanso imene yalowerera, ndipo mwina idzakula kuposa yoyambayi. Dark energy inadziwika mu 1998, pamene magulu awiri, la Saul Perlmutter ndi la Brian Schmidt m'mene munali Riess yemweyu, anapeza kuti kufutukuka kukufulumira m'malo mochedwa. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2011. Kuyambira pamenepo masamu akhala akuitenga dark energy ngati chinthu chosasintha. Ku Kitt Peak ku Arizona kuli makina otchedwa DESI, oikidwa pa telesikopu ya mamita 4. Pamene kuwala kumasonkhana anaikapo timaloboti 5,000, kalikonse kagwira kaulusi kagalasi, ndipo telesikopu ikaloza dera latsopano timalobotito timasendera kalikonse pa mlalang'amba wake, n'kutenga kuwala kwa milalang'amba 5,000 nthawi imodzi. Mafunde akale aja anasiya chizolowezi choti milalang'amba izitalikirana pa mtunda wina wake, umene lero ndi pafupifupi megaparsec 150, ndipo DESI imayeza mtunda umenewu pa nthawi zosiyanasiyana za mbiri ya chilengedwe. Mu March 2025, atawerengera milalang'amba ndi ma quasar (pakati powala koopsa pa milalang'amba yakutali) pafupifupi 15 miliyoni, analengeza kuti zotsatira zawo zikaphatikizidwa ndi za magulu ena zikuonetsa ngati dark energy ikuchepa mphamvu. Umboniwo uli pakati pa 2.8 ndi 4.2 sigma, kutengera ndi gulu la nyenyezi zophulika limene aphatikizapo.

Apa ndimati tiyende pang'ono. Mu 2011 akatswiri a gulu la OPERA ku Italy anaona ngati ma neutrino, tizinthu ting'onoting'ono kuposa atomu, akuthamanga kuposa kuwala, ndipo pamapeto pake vuto lalikulu linapezeka kuti linali chingwe chosamangika bwino. Mu 2014 akatswiri a telesikopu ya BICEP2 analengeza chizindikiro cha kufutukuka kwa chiyambi penipeni, n'kudzapezeka kuti chinali fumbi la mlalang'amba wathu womwe. Zonsezo zinali ndi sigma wokwera kuposa wa DESI. Chondikayikitsa pa DESI n'chakuti mphamvu ya umboni ikusinthasintha ndi zimene waphatikizapo. Chondilimbitsa mtima n'chakuti chizindikirocho chinaonekera mu 2024 ndipo deta itachuluka sichinazimirire. Dziwaninso kuti dark energy yofookayi sithetsa mkangano wa 67 ndi 73. DESI payokha, ikaphatikizidwa ndi masamu a mphindi zoyambirira, imapereka pafupifupi 68.5, kumbali ya Planck.

Mukandifunsa mbali imene ndili, ndinena kuti kusiyanaku n'kwenikweni pa zoyezedwa, koma sindinafike povomereza kuti ndi physics yatsopano. Chifukwa changa n'chakuti mayankho amene aperekedwa, ndipo alipo mazana, amakonza apa n'kuwononga apo. Lotchuka kwambiri ndi loti kunali mtundu wina wa dark energy kwa kanthawi kochepa chilengedwe chisanakwane zaka 380,000, umene unachepetsa mtunda umene mafunde aja anayenda. Limakweza 67 kufika cha m'ma 70, koma limasokoneza chiwerengero cha mmene milalang'amba yaunjikanira. Ndipo ndimakumbukira kuti Big Bang ili ndi vuto lina lakale limene anthu saliimbira ng'oma: masamu omwe aja amene amalondola pa helium amapereka lithium, chinthu china chopepuka, wochuluka pafupifupi katatu kuposa amene timapeza mu nyenyezi zakale. Vutoli lakhalapo zaka zambiri osathetsedwa, ndipo nyumba sinagwe.

Chimene chidzagamule ndi njira yachitatu yosadalira makwerero kapena kuwala kotsalira. Pa 17 August 2017 makina a LIGO ndi Virgo anamva kugwedezeka kwa danga kochokera ku nyenyezi ziwiri za neutron, mitembo yothinana kwambiri ya nyenyezi zikuluzikulu, zimene zinawombana, ndipo matelesikopu anaona kuwala kwake mu mlalang'amba wa NGC 4993. Mafunde otere amanena okha mtunda umene achokera. Anapereka 70, koma ndi kuphonya kwa cha m'ma 10, ndipo kuti kuchepe pakufunika kuwombana kotere makumi angapo. Njira ina ndi ya nyenyezi yophulika imene kuwala kwake kwapindidwa ndi gulu la milalang'amba, n'kufika kuno kangapo pa nthawi zosiyana. Ina yotere, yotchedwa Refsdal, inaoneka mu 2014, akatswiri analosera kuti idzaonekanso, ndipo inaonekadi mu December 2015. Kuchedwa kwakeko kunapereka nambala ya cha m'ma 66, pamene ina imene Webb inapeza mu 2023 inapereka cha m'ma 75. Zonsezi malire ake ndi otakata moti aliyense angadzikokere. Ku Karoo ku South Africa, mbale 64 za telesikopu ya wailesi ya MeerKAT zayamba kuyesa kuyeza kayalidwe ka mpweya wa hydrogen m'thambo ndi mafunde a wailesi, ntchito imene telesikopu yaikulu ya wailesi yotchedwa SKA idzapitirize ndi mbale 197, ndipo Zambia ndi Mozambique ali m'gulu la maiko a mu Africa ogwirizana nawo pa ntchitoyi.

Telesikopu ya Vera C. Rubin ku Chile, imene inaonetsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025, idzapeza nyenyezi zophulika zankhaninkhani pa zaka 10, ndipo zimenezo pamodzi ndi telesikopu ya Euclid ya ku Ulaya zidzayesa zimene DESI ikunena. Koma pa 67 ndi 73 zakutali si zimene zikusowa. Pothina ndi pa 42 zija, zapafupi, za m'milalang'amba imene ma Cepheid ake amaoneka. Zinatenga zaka pafupifupi 40 kuti zikwane 42, ndiye kuti imodzi pachaka, ndipo palibe ndalama zimene zingafulumizitse nyenyezi kuphulika. Chimene Webb ingachite ndi kuona ma Cepheid ndi nyenyezi zofiira zija patali kuposa pamene Hubble inkafika. Mtunda ukawirikiza kawiri, dera lofikirika limakula ka 8, ndipo milalang'amba imene munaphulika kale nyenyezi zolembedwa m'kaundula imalowa m'chiwerengero popanda kudikira zatsopano.